Chipani Chathu Chikaoneka Kuti Chigonja: Zimene Zidachitika ku Britain mu 2024

Pa maphunziro a chisankho timakonda kukamba za kulembetsa m'kaundula, za kasungidwe ka chiphaso chovotera, za m'mene tingachongere pepala ndi za kupewa ziwawa. Koma pali nkhani ina imene sitiikamba kawirikawiri, chonsecho imakhudza anthu ambiri pa chisankho chilichonse. Nkhaniyi ndi ya munthu amene akuona yekha, tsiku lovota lisanafike, kuti chipani chimene wakhala akuchitsata kwa zaka zambiri chikupita kokagonja. Kodi munthu wotere amaopa chiyani? Nanga voti yake ikadali ndi ntchito?

Kuti tikambirane momasuka, popanda wina kuganiza kuti tikunena chipani chake, titenga chitsanzo cha kutali. Tiona zimene zidagwera anthu otsatira chipani cha Conservative ku Britain pa chisankho cha pa 4 Julaye 2024. Ngakhale dzikolo lili kutali, nkhaniyi siyachilendo kwa ife. Njira imene timasankhira aphungu athu tidatengera komweko. Komanso Amalawi amene akukhala ku Britain movomerezeka amaloledwa kulembetsa ndi kuvota, chifukwa dziko lathu lili m'bungwe la Commonwealth. Choncho ena mwa abale athu adaponya nawo voti pa tsikulo.

Kodi a Conservative ndi ndani?

Dzina la chipanichi limatanthauza anthu osunga zimene adazipeza. Otsatira ake amakhulupirira kuti dziko lizisintha pang'onopang'ono, kuti misonkho izikhala yotsika, kuti munthu azikhala ndi ufulu pa katundu ndi bizinesi yake, ndiponso kuti ufumu, asilikali ndi miyambo ya dziko zizilemekezedwa. Mphamvu zake zambiri zakhala zili kwa anthu achikulire, eni nyumba, alimi ndi anthu a m'matauni ang'onoang'ono a ku England. Ndi chipani chakale kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1900 chidalamula nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Otsatira ake adazolowera kupambana.

Chipanichi chidalowa m'boma mu 2010 ndipo chidakhalamo zaka 14. Pa chisankho cha mu Disembala 2019, motsogozedwa ndi Boris Johnson, chidapeza mipando 365 pa mipando 650 ya m'Nyumba ya Malamulo, ndi mavoti pafupifupi mamiliyoni 14. Chidalanda ngakhale madera a kumpoto kwa England amene kwa mibadwo ankavotera chipani cha Labour. Ena ankati Labour sidzaonanso boma kwa zaka khumi. Akuluakulu adati linda madzi apite ndiye uziti ndadala.

Zimene zidasokoneza sizochepa. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19, boma lidaletsa anthu kusonkhana, ngakhale kukaona odwala awo m'zipatala, koma pambuyo pake zidadziwika kuti ku ofesi ya Nduna Yaikulu ku Downing Street kunkachitika maphwando. Apolisi adalipiritsa Johnson chindapusa mu 2022, ndipo chaka chomwecho aphungu a chipani chake adamukakamiza kutula pansi udindo. Wolowa m'malo mwake, Liz Truss, adakhala pa mpando masiku 49 okha. Boma lake lidalengeza zotsitsa misonkho ndi ndalama zokwana mapaundi mabiliyoni 45 osanena kumene lipeze ndalama zotsekera dzenjelo. Ndalama ya dzikolo idagwa mphamvu, ndipo chiwongoladzanja pa ngongole zogulira nyumba chidakwera. Zimenezi zidapweteka anthu omwe aja amene chipanichi chimati ndi ake. Mu Okutobala 2022 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 11 pa 100 poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Mndandanda wa odikira chithandizo m'zipatala za boma ku England udapitirira mamiliyoni 7. Rishi Sunak atakhala Nduna Yaikulu kumapeto a Okutobala 2022, anali munthu wachisanu wa chipani chimodzi kukhala pa mpandowo m'zaka 12.

Kuyambira nthawi imeneyo, mabungwe ofufuza maganizo a anthu ankapeza zofanana mwezi ndi mwezi: Labour, motsogozedwa ndi Keir Starmer, inali patsogolo ndi anthu pafupifupi 20 pa 100 aliwonse. Pa zisankho zachibwereza chipani cholamula chinkataya madera amene kale sankakayikitsa, monga Tamworth ndi Mid Bedfordshire mu Okutobala 2023. Aphungu ake oposa 70 adalengeza kuti sapikisananso. Munthu wamba wotsatira chipanichi adakhala chaka ndi theka akudziwa kumene zinthu zikulowera.

Ena ankadzitonthoza ndi zimene zidachitika mu 1992. Chaka chimenecho ofufuza ambiri ankaonetsa kuti a Conservative sapeza mipando yokwanira, koma John Major adapambana. Nzoona kuti kafukufuku si chisankho, ndipo nthawi zina amaphonya. Koma mu 1992 zipani ziwirizi zinali pafupi kwambiri. Kuphonya ndi anthu atatu kapena anayi pa 100 kungasinthe wopambana ngati mpikisano uli wothina. Sikungafafanize kusiyana kwa anthu 20.

Sunak adalengeza tsiku la chisankho pa 22 Meyi 2024 ataima panja pa ofesi yake mvula ikumunyowetsa. Mvula ikakuona litsiro siikata. Pa 6 Juni adachoka msanga ku mwambo wokumbukira asilikali amene adafera ku Normandy m'dziko la France pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ngakhale adapepesa m'mawa mwake, achikulire ambiri zidawakhudza. Kenaka zidamveka kuti ena oyandikana naye adabetcha ndalama pa tsiku la chisankho lisanalengezedwe.

Kodi ankaopa chiyani?

Nkhawa yoyamba inali ya m'thumba. Otsatira Conservative amakhulupirira kuyambira kale kuti Labour ikalowa m'boma misonkho imakwera. Pa kampeni, Sunak ankanena mobwerezabwereza kuti banja lililonse lidzalipira mapaundi 2,000 oonjezera. A Labour adakana, ndipo mkulu wa ogwira ntchito ku unduna wa zachuma adalemba kalata yonena kuti chiwerengerocho chisatchulidwe ngati chochokera kwa akatswiri a boma. Komabe mantha adalipo. Makolo a ana a m'sukulu zolipira ankadziwa kuti Labour yalonjeza kuika msonkho wa VAT pa fizi. Opuma pantchito ankada nkhawa ndi penshoni yawo.

Nkhawa yachiwiri inali ya anthu olowa m'dzikomo. Apa mpamene panali chisokonezo chachikulu, chifukwa ambiri anali okwiya ndi chipani chawo chomwe. Kuyambira 2010 atsogoleri ake ankalonjeza kuti chiwerengero cha obwera, tikachotsa otuluka, chidzatsika kufika pansi pa 100,000 pa chaka. M'malo mwake chidapitirira 700,000 mu 2022. Chaka chomwecho anthu oposa 45,000 adawoloka nyanja ya pakati pa France ndi England pa timabwato tating'ono. Boma lidapangana ndi dziko la Rwanda kuti lizitumiza kumeneko anthu ofuna malo othawirako, koma mu Novembala 2023 khoti lalikulu lidagamula kuti dongosololi nlosemphana ndi malamulo, ndipo mpaka tsiku la chisankho palibe ndi mmodzi yemwe amene adatumizidwa mokakamizidwa. Munthu wotsatira chipanichi ankaopa kuti Labour idzalekerera kwambiri, koma analibenso chifukwa chokhulupirira atsogoleri ake.

Nkhawa yachitatu ndi imene ikufunika kuti tiimvetse bwino. Anthuwa sankangoopa kugonja. Ankaopa kutheratu. Ankakumbukira zimene zidachitika ku Canada mu 1993, pamene chipani cha Progressive Conservative chimene chinali m'boma chidatsala ndi mipando iwiri yokha, ndipo sichidadzukenso m'dzina lakelo. Chimodzi mwa zipani zimene zidachilanda mavoti kumeneko chinkatchedwa Reform. Tsono ku Britain nako kudali chipani chatsopano chotchedwa Reform UK, ndipo pa 3 Juni 2024 Nigel Farage adalengeza kuti achitsogolera ndi kupikisana nawo m'dera la Clacton. Ofufuza ena adayamba kunena kuti a Conservative atsala ndi mipando yosakwana 100, ndi kuti mwina sadzakhala ngakhale chipani chachikulu chotsutsa boma. Pamwamba pa izi, Labour inali italonjeza kutsitsa zaka zoyambira kuvota kuchoka pa 18 kufika pa 16. Popeza achinyamata ambiri savotera Conservative, ena adaona ngati cholinga chake ndi kudzitsekera m'boma kwa m'badwo wonse.

Tisanapitirire, tiyeni tione zimene mulibe m'nkhawa zimenezi. Palibe ankaopa kuti chipani chake chikagonja amangidwa. Palibe mphunzitsi kapena namwino amene ankaopa kuchotsedwa ntchito kapena kutumizidwa ku dera lakutali chifukwa cha m'mene adavotera. Palibe dera limene linkaopa kuti apolisi asiya kuliteteza. Ku Britain boma likasintha, zimachoka ndi nduna ndi alangizi awo a ndale. Alembi aakulu a maunduna, apolisi, asilikali ndi oweruza milandu amakhalabe pa ntchito. Izi sizikutanthauza kuti anthu a kumeneko ndi abwino mtima kuposa ena. Ndi malamulo ndi chizolowezi zimene zimachititsa kuti mtengo wa kugonja ukhale wotsika. Kumene kugonja kumatanthauza kutaya ntchito, katundu kapena ufulu, anthu amachita chilichonse kuti asagonje, ndipo mpamene pamayambira kubera mavoti ndi ziwawa. Pokambirana m'miphakati ndi bwino kufunsana kuti: mwa nkhawa zimene timakhala nazo chipani chathu chikamagonja, ndi ziti zokhudza mfundo za boma, ndipo ndi ziti zokhudza chitetezo chathu?

Chenjezo la masabata omaliza

Pakati pa mwezi wa Juni atsogoleri a chipanichi adasintha uthenga. Adaleka kunena kuti apambana. Nduna ya zachitetezo, Grant Shapps, idayamba kuchenjeza anthu kuti asapatse Labour mipando yochuluka mopyola muyezo, chifukwa boma lopanda olidzudzula ndi loopsa. Mwachidule ankati: tivotereni kuti tikathe kutsutsa.

Kodi chenjezoli linali loona? Mbali ina ayi. Dziko la Britain lilibe buku limodzi la malamulo aakulu monga lathu. Lamulo lililonse limadutsa ngati ovomereza aposa okana, ngakhale ndi voti imodzi. Boma lokhala ndi mipando 340 lingapange malamulo omwewo amene lingapange lokhala ndi mipando 420. Kwathu kuno nkosiyana. Kusintha malamulo aakulu kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, ndipo ambiri tikukumbukira kuti mu Julaye 2002 bilu yochotsa malire a nthawi imene mtsogoleri wa dziko angalamulire idakanika ndi mavoti atatu okha. Kwa ife, chiwerengero cha aphungu otsutsa chingatseke khomo mwalamulo. Ku Britain sichingatero.

Koma mbali ina chenjezoli linali ndi nzeru. Ntchito yotsutsa boma imafuna anthu. Ku Britain mtsogoleri wa chipani chachikulu chotsutsa ndi udindo wodziwika m'malamulo, ndipo amalandira malipiro a boma kuyambira 1937. Lachitatu lililonse Nyumba ikamakumana amafunsa Nduna Yaikulu mafunso asanu ndi limodzi pamaso pa dziko lonse. Amasankha aphungu ake kuti aliyense aziyang'anitsitsa unduna umodzi. Komiti younika kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma imatsogozedwa ndi phungu wotsutsa. Kuti zonsezi zitheke pafunika aphungu okwanira kudzaza makomiti ndi kuwerenga mabilu. Chipani cha mipando 60 sichingagwire ntchito ya chipani cha mipando 200.

Pali chinanso chimene ovota ambiri sachidziwa. Kuyambira 1975 zipani zotsutsa ku Britain zimalandira ndalama za boma zothandizira ntchito yawo ya m'Nyumba ya Malamulo, monga kulemba anthu ofufuza. Ndalamazi zimawerengedwa potengera mipando imene chipani chapeza komanso mavoti onse amene chapeza m'dziko. Ndiye kuti voti yoponyedwa m'dera limene chipani chagonja imawerengedwabe. Nafenso tili ndi zofanana pang'ono. Malamulo aakulu a dziko lathu amalamula boma kupereka ndalama kwa chipani chilichonse chimene chapeza mavoti opitirira gawo limodzi mwa magawo khumi pa chisankho cha aphungu.

Zimene ovota adachita

Munthu wa nkhawa uja anali ndi njira zingapo. Ena adati chipani ndi chawo, achivoterabe ngakhale chalakwa. Ena, makamaka kum'mwera kwa England, adapita ku chipani cha Liberal Democrats kapena ku Labour. Ambiri adapita ku Reform UK, ena pokhulupirira mfundo zake, ena pofuna kulanga atsogoleri awo. Kafukufuku wochitika chisankho chitatha adaonetsa kuti mwa amene adavotera Conservative mu 2019 ndipo adavotanso, pafupifupi mmodzi mwa anayi adasankha Reform UK. Ndipo ena adangokhala kunyumba. Mu 2019 anthu 67 pa 100 aliwonse olembetsa adavota. Mu 2024 adatsika kufika pa 60.

Zotsatira zidali zotere. Labour idapeza mipando 411, Conservative 121, Liberal Democrats 72, Reform UK 5, ndipo yotsalayo idapita ku zipani zina ndi oima paokha. Chiyambire chipani cha Conservative chinali chisanapezepo mipando yochepa chotere. Ku Wales sichidapeze mpando ndi umodzi womwe. Shapps, mwini chenjezo uja, nayenso adagwa m'dera lake.

Tikangoona mipando tingaganize kuti dziko lonse lidathamangira ku Labour. Koma tiyeni tione mavoti. Mu 2019, pamene Labour idagonja koopsa ndi mipando 202, idapeza mavoti opitirira mamiliyoni 10. Mu 2024, pamene idapambana ndi mipando 411, idapeza mavoti mamiliyoni 9.7. Mavoti adachepa, koma mipando idachuluka kawiri. Ndi anthu 34 okha pa 100 aliwonse ovota amene adaisankha. Chimene chidasintha kwambiri ndi mbali inayo: mavoti a Conservative adatsika kuchoka pa mamiliyoni pafupifupi 14 kufika pa mamiliyoni 6.8.

Zimenezi zimatheka bwanji? Yankho lili m'njira yosankhira aphungu, yomwenso timaigwiritsa ntchito ife. M'dera lililonse wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, ndipo sipafunika kuti apeze theka la mavoti. Mavoti a wachiwiri ndi wachitatu sabweretsa mpando uliwonse. Tsono ngati anthu a maganizo ofanana agawikana pakati pa zipani ziwiri, munthu wachitatu amene onsewo samufuna angathe kudutsa pakati pawo.

Chitsanzo chooneka bwino ndi dera la South West Norfolk, la Liz Truss, amene adali Nduna Yaikulu uja. Mu 2019 adaposa wachiwiri wake ndi mavoti opitirira 26,000. Derali ndi la alimi, ndipo linkawerengedwa kuti ndi limodzi mwa madera osagwedezeka. Mu 2024 woimira Labour adamuposa ndi mavoti 630 okha. Woimira Reform UK adapeza mavoti pafupifupi 10,000, ndipo woima payekha wina, amene kale adali wa Conservative, adapeza opitirira 6,000. Wopambanayo adalowa m'Nyumba ya Malamulo ndi mavoti a anthu osakwana 27 pa 100 aliwonse amene adavota m'deralo. Anthu a South West Norfolk sadasanduke a Labour. Adagawikana, ndipo ena sadatuluke m'nyumba. Zotere zidachitika m'madera ambirimbiri.

Onaninso zimene zidagwera Reform UK. Idapeza mavoti opitirira mamiliyoni 4, kuposa a Liberal Democrats amene adapeza pafupifupi mamiliyoni 3.5. Koma idapeza mipando 5 pamene anzawowo adapeza 72. Chifukwa chake nchakuti mavoti a Reform UK adamwazikana m'dziko lonse, pamene a Liberal Democrats adaunjikana m'madera amene chipanicho chidasankha kulimbikirapo. Anthu ambiri ku Britain amati njirayi ndi yosalungama ndipo amafuna kuti mipando izigawidwa molingana ndi mavoti. Oikonda amati imapereka boma lolimba ndiponso phungu amene anthu a dera lake amamudziwa. Mu 2011 dzikolo lidachita riferendamu yofuna kusintha kavotedwe, ndipo ambiri adakana. Kwathu kuno, kuyambira chigamulo cha makhoti cha mu 2020, mtsogoleri wa dziko ayenera kupeza mavoti opitirira theka, koma aphungu timawasankhabe mwa njira yakale ija. Nchifukwa chake si zachilendo kuona phungu akupambana ndi mavoti ochepa m'dera limene anthu khumi kapena kuposa apikisana.

Sitikunena kuti amene adapita ku chipani china adalakwa. Voti ndi ya mwini wake, ndipo kulanga chipani chimene sichidasunge malonjezo ndi ufulu wa wovota, mwinanso ndi udindo wake. Munthu wa ku Norfolk amene adavotera Reform UK akudziwa kuti potero athandiza Labour kutenga dera lake, koma nkuona kuti chilangocho nchoyenera, adachita chinthu cholingalira. Wovuta ndi amene adachita zomwezo osadziwa zotsatira zake, nkudabwa m'mawa. Ndipo amene adakhala kunyumba uthenga wake sudamveke bwino. Palibe angadziwe ngati adakwiya ndi misonkho, ndi maphwando aja, ndi za obwera m'dziko, kapena adangodwala tsikulo. Wopita ku chipani china amasiya chizindikiro chimene atsogoleri angawerenge. Wosavota amasiya aliyense kumasulira m'mene akufunira.

Tsiku lotsatira

Malo ovotera adatsekedwa nthawi ya 10 koloko usiku. Mavoti amawerengedwa usiku womwewo, ndipo zotsatira za dera lililonse zimalengezedwa opikisana onse ataima pamodzi pa nsanja, wopambana ndi ogonja. Kusanache Sunak adaimbira Starmer telefoni kumuyamikira, ndipo polankhula m'dera lake adavomera kugonja ndi kupepesa kwa anzake amene adataya mipando. M'mawa wa pa 5 Julaye adapita kwa Mfumu Charles III kukatula pansi udindo. Masana a tsiku lomwelo Starmer anali atalowa kale mu ofesi. Sunak sadathawe m'dziko ndipo sadachoke m'Nyumba ya Malamulo. Adakhala mtsogoleri wa otsutsa boma mpaka mu Novembala, akufunsa mafunso munthu amene miyezi yapitayo ankamufunsa iyeyo.

Nanga nkhawa zija zidapherezera?

Zina zidapherezeradi, ndipo sitingachitire mwina koma kuvomereza kuti anthuwa sankangolota. Boma latsopano lidathetsa dongosolo la Rwanda m'sabata yake yoyamba. Kumapeto a Julaye 2024 lidalengeza kuti ndalama zothandizira okalamba kutenthetsa nyumba m'nyengo yozizira zizipita kwa osaukitsitsa okha. Mu Okutobala bajeti yake yoyamba idakweza misonkho ndi mapaundi pafupifupi mabiliyoni 40, gawo lalikulu likuchokera kwa olemba anthu ntchito, ndipo idaika msonkho pa minda ikuluikulu yosiyidwa ngati chuma cha masiye. Alimi adalowa mu mzinda wa London ndi mathirakitala kukachita zionetsero. Msonkho pa fizi ya sukulu zolipira udayamba mu Januwale 2025.

Koma nkhawa yakuti boma la mipando 411 lidzachita chilichonse chimene lifuna siidapherezere. Nkhani ya okalamba ija idautsa mkwiyo waukulu, ndipo mu 2025 boma lidabweza thandizolo kwa ambiri mwa iwo. Chaka chomwecho aphungu a Labour omwe adakakamiza boma lawo kusintha bilu yochepetsa thandizo la anthu olumala. Tikuona kuti odzudzula boma sali pa mipando ya otsutsa pokha. Ali m'manyuzipepala, m'makhoti, m'mabungwe, m'misewu, ngakhale m'chipani cholamula chomwe, pakuti phungu amene adapambana ndi mavoti 630 amadziwa kuti sangagone tulo. Ndipo chaka chisanathe, ofufuza omwe aja ankaonetsa kuti anthu ambiri ataya chikhulupiriro mwa Labour.

Mbiri ya chipanichi imaonetsa kuti kugonja koopsa sikudakhale imfa yake. Mu 1945 Winston Churchill adagonja patangopita masabata ochepa nkhondo itatha ku Ulaya, koma adabwerera mu 1951. Mu 1997, atalamula zaka 18, a Conservative adatsala ndi mipando 165 pamene Labour ya Tony Blair idapeza 418. Adadikira zaka 13, nasintha atsogoleri kangapo, mpaka adabwerera mu 2010. Komabe m'zaka zonsezo panalibe chipani china champhamvu chopikisana nawo pa anthu omwewo. Pano chilipo. Pa 2 Novembala 2024 mamembala adasankha Kemi Badenoch, mayi amene adakulira ku Lagos m'dziko la Nigeria, kukhala mtsogoleri, ndipo adali munthu wakuda woyamba kutsogolera chimodzi mwa zipani zikuluzikulu za dzikolo. Koma pa zisankho za makhonsolo za mu Meyi 2025 Reform UK idapeza makhansala oposa 600 ndi kutenga makhonsolo khumi, ambiri mwa iwo kuchokera m'manja mwa Conservative. Choncho nkhawa yachitatu ija, ya ku Canada, chisankho cha 2024 sichidaiyankhe. Malamulo a dzikolo akuti chisankho china cha aphungu chichitike pasanathe mwezi wa Ogasiti 2029.